Pakati pa miyezi 4 ndi 16

Funso la agogo ena ochokera ku Makanjira likundisowetsa mtendere. Mdzukulu wawo wa miyezi 9 watentha thupi masiku angapo, koma atamuyeza malungo sanapezeke. Nditawauza kuti mwina kachilombo ka Salmonella kalowa m'magazi mwake, anandifunsa: "Adokotala, mwanayu amayamwa bwino, kusikelo sajomba. Nanga tizilombo tingalowe bwanji m'magazi?"

Agogo, mwana amabadwa ndi chitetezo chobwereka. Ma antibody (mapuloteni a m'magazi olimbana ndi tizilombo) a mtundu wa IgG amachoka kwa mayi kudzera mu nsengwa, makamaka m'miyezi itatu yomaliza ya pathupi. Akabadwa, pakangotha milungu itatu iliyonse theka la amene atsala limatha. Pofika miyezi 4 atsala ochepa, pomwe thupi la mwanayo silinayambe kupanga ake okwanira. Kafukufuku wa ku Blantyre wa mu 2008 anaonetsa kuti ana ambiri a miyezi 4 mpaka 16 alibe ma antibody olimbana ndi Salmonella yosakhala ya taifodi (ya mtundu wosiyana ndi umene umayambitsa taifodi), ndipo magazi awo amalephera kuipha. Antibody ndiye amamatirira pakhungu la kachilombo n'kuitana mapuloteni otchedwa complement kuti akaboole. Popanda iye, complement sagwira ntchito mokwanira.

Khoma la matumbo nalonso ndi mlonda. Mu 2008 momwemo, asayansi anaona kuti anyani a mtundu wa rhesus omwe ali ndi SIV, wachibale wa HIV, amataya maselo achitetezo otchedwa Th17 m'matumbo, ndipo Salmonella amadutsa mosavuta. N'chifukwa chake HIV imandidetsa nkhawa kwambiri kuno kunyanja, pamodzi ndi malungo, kuchepa magazi ndi kunyentchera, zomwenso zimafooketsa thupi.

Chimene chandipweteka mtima usiku uno ndi chizolowezi chomwetsa mwana LA ngakhale malungo sanapezeke, kapena kumugulira bactrim kugolosale. Salmonella wa mtundu wa ST313 wofala kuno nthawi zambiri samva bactrim, ampicillin kapena chloramphenicol. Chofunika ndi kutenga magazi, pafupifupi 1 mpaka 3 ml, m'botolo la blood culture (lomeretsera tizilombo kuti tidziwike) mankhwala asanayambe, chifukwa mankhwala akatsogola kachilomboko nthawi zambiri sikamera. Kenako jekeseni wa ceftriaxone ayambe nthawi yomweyo, osadikira zotsatira zomwe zimatenga masiku awiri kapena kuposa.

Katemera wa taifodi amene anayamba kuno ku Malawi mu 2023 sateteza ku Salmonella yosakhala ya taifodi. Katemera wake weniweni akadayesedwabe, ndipo makolo ambiri akaona khadi lakusikelo ladzaza amaganiza kuti zonse zatheka.