Nkhalango imene inabisala pansi pa nthaka: ulendo wanga wa ku Maradi

Basi imene ndinakwera ku Niamey inanyamuka kusanache, ndipo tinayenda tsiku lathunthu kulowera kum'mawa, mtunda woposa makilomita 600, tisanafike mumzinda wa Maradi kum'mwera kwa dziko la Niger. Unali mwezi wa Febuluwale, pakati pa chilimwe, nyengo imene mphepo youma yochokera m'chipululu cha Sahara imadzaza mlengalenga ndi fumbi mpaka dzuwa kuoneka lotuwa. Ndinali nditamva kuti alimi a m'chigawo chimenechi anabwezeretsa mitengo m'minda yawo popanda kubzala mbande, ndipo mtima wanga sunakhazikike kufikira nditapita kukadzionera ndekha.

Chimene chinandigwira mtima poyamba, titangotuluka mumzinda m'mawa mwake kulowera cha ku Aguié, chinali kubiriwira kwa mitengo ya msangu pakati pa minda yamchenga imene inalibe ngakhale udzu. Anthu a kumeneko, amene ambiri amalankhula Chihausa, amautcha mtengo umenewu kuti gao, ndipo amaulemekeza kwambiri chifukwa cha khalidwe lake losiyana ndi mitengo ina. Msangu umayoyola masamba mvula ikamayamba, kotero kuti mchewere, mapira ndi khobwe zimene zabzalidwa pansi pake zimalandira dzuwa lokwanira, pamene masamba ogwawo amaolerana n'kusanduka manyowa. Mvula ikatha, mtengowo umaphukanso masamba, ndipo ng'ombe ndi mbuzi zimadzausa mumthunzi wake, kudya zipatso zake zopindikapindika zija, n'kusiya ndowe pomwepo. Mizu yakenso imathandiza kuika m'nthaka nayitirojeni, chakudya chofunika pa kakulidwe ka mbewu. Ndinatola dothi la pansi pa msangu wina m'dzanja limodzi, ndi la pamtetete m'dzanja linalo, ndipo kusiyana kwake sikunafune katswiri: loyambalo linali loderapo ndi logwirana, pamene linalo linangoyoyoka m'mipata ya zala.

Malo amenewa sanali chonchi zaka makumi anayi zapitazo. Chilala cha m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 chinapeza minda itasengulidwa kale, popeza alimi ankalangizidwa kuti munda wabwino ndi wopanda chitsa kapena tchire lililonse. Mphepo inkakwirira mbewu zongomera kumene ndi mchenga, moti mlimi ankabzala kawiri kapena katatu m'nyengo imodzi. Mabungwe anakhazikitsa nazale n'kugawa mbande zambirimbiri, koma zochuluka zinkafa ndi dzuwa, chiswe ndi mbuzi. Mmodzi mwa anthu amene ankagawa mbandezo anali Tony Rinaudo, mlangizi wa zaulimi wochokera ku Australia, amene m'chaka cha 1983 anaima panjira kuti aphwetseko matayala a galimoto yake kuti idutse bwino mumchenga, ndipo anayang'anitsitsa kachitsamba kena kamene anali atazolowera kukanyoza. Masamba ake anamuuza kuti sikanali kachitsamba wamba, koma mtengo umene unadulidwa kalekale ndipo chitsa chake chinali kuyesetsa kuphukanso. Pansi pa minda yonseyo panali mizu yamoyo yosawerengeka, yozama kale kufika pamene pali chinyezi, imene chaka ndi chaka inkatulutsa mphukira ndipo chaka ndi chaka alimi ankazisadza ndi kuzitentha posengula.

Kunena zoona, ntchito yake ndi yophweka mochititsa manyazi tikaganizira chuma chimene chamwazidwa pobzala mitengo yosapulumuka. Bambo wina wachikulire, amene anandilandira m'munda mwake pafupi ndi mudzi wa Dan Saga, anandionetsa kudzera mwa wotanthauzira amene ndinali naye. Anagwada pa chitsa cha kalgo, mtengo wofanana kwambiri ndi chitimbe, chimene chinali ndi mphukira zoposa khumi zothinana. Anasankha zitatu zowongoka ndi zamphamvu, nadula zotsalazo ndi chikwanje chakuthwa, kenako anatengulira nthambi za m'munsi mpaka cha pakati pa tsinde lililonse. Anandifotokozera kuti podula nthambi amayendetsa chikwanje kuchokera pansi kupita m'mwamba, kuopa kusenda khungwa ndi kusiya bala lolowera matenda. Madzi ndi chakudya zimene mizu inkagawira mphukira khumi tsopano zimapita kwa zitatu zokha, ndipo n'chifukwa chake zimakula msanga kuposa mbande ya ku nazale imene iyenera kuyamba yamera mizu yake. Zimene anadulazo sanataye. Nthambi zokulirapo anazimanga kamtolo ka nkhuni, ndipo masamba anawasiya pansi kuti aphimbe nthaka.

Ndinawafunsa bambowo chifukwa chimene makolo awo sankachitira zimenezi, popeza nzeruyo si yachilendo kwenikweni. Yankho lawo ndi limene ndakhala ndikulisinkhasinkha kuyambira tsiku limenelo. Malamulo a nkhalango amene Afalansa anakhazikitsa m'chaka cha 1935, ndipo anapitirira dzikolo litalandira ufulu mu 1960, ankaika mitengo m'manja mwa boma, ngakhale yomera m'munda wa munthu. Mlimi wodula nthambi ya mtengo wotetezedwa ankatha kulipitsidwa chindapusa, choncho mtengo m'munda unali ngati mlandu woyembekezera tsiku lake, ndipo chanzeru chinali kuuzula usanakule. Zinthu zinasintha pamene akuluakulu a zankhalango anayamba kulola alimi kupindula ndi mitengo imene asamalira, ndipo pambuyo pake lamulo la nkhalango la 2004 linalimbikitsa ufulu umenewo. Ine ndikukhulupirira kuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse, chifukwa palibe munthu amene angateteze kwa zaka zisanu mtengo umene akudziwa kuti mwini wake ndi wina. Ngakhale pa njala ya 1984, pamene anthu ankapatsidwa chakudya posinthana ndi kusunga mitengo m'minda, ambiri anaidulanso chakudyacho chitasiya kubwera, ndipo njirayi inafalikira zenizeni pokhapokha anansi ataona zokolola ndi nkhuni za amene anapirira.

Ku Dan Saga anthu anakhazikitsa makomiti oyang'anira mitengo, mmene muli abambo, amayi ndi abusa a ziweto, chifukwa vuto lalikulu silinali dzuwa koma anthu odula mitengo ya anzawo usiku. Mayi wina wa m'komiti yotere anandiuza kuti kale ankataya gawo lalikulu la tsiku akufunafuna nkhuni, ndipo zikasowa ankakoleza moto ndi mapesi ndi ndowe zimene zikanayenera kubwerera kumunda. Apa ndinaona mmene kuguga kwa nthaka kumadzidyetsera kokha, pakuti munda wolandidwa mapesi ndi ndowe umabereka zochepa, ndipo njala imakankhira mwini wake kukadula mitengo yotsala kuti agulitse.

Ofufuza monga Chris Reij ndi Gray Tappan, atayerekeza zithunzi zakale ndi zatsopano zojambulidwa kuchokera mumlengalenga, anapeza kuti malo okwana mahekitala pafupifupi 5 miliyoni m'dziko la Niger abiriwiranso, ndi mitengo pafupifupi 200 miliyoni, makamaka m'zigawo za Maradi ndi Zinder. Mu 2018 Rinaudo analandira mphoto yapadziko lonse yotchedwa Right Livelihood, chaka chimodzimodzi ndi Yacouba Sawadogo, mlimi wa ku Burkina Faso amene anatchukitsa maenje obzalamo mbewu otchedwa zai. Maenje oterewa ndinawaonanso pobwerera, pa malo amene nthaka inauma gwa moti mulibenso mizu yoti n'kuphuka. Kumeneko anthu amakumba timaenje n'kuthiramo manyowa, kapena kuumba migula yooneka ngati mwezi wongokhala kumene yoyang'ana kumtunda, kuti madzi a mvula aime ndi kulowa pansi m'malo mothamanga ndi dothi. Ndi ntchito yothyola msana, ndipo inandionetsa kuti kupulumutsa chitsa chikadali chamoyo n'kopepuka kwambiri kuyerekeza ndi kudzutsa nthaka imene yaferatu.

Tisanatsanzikane, bambo aja anandipatsa chikwanje chawo nandilozera chitsa china m'malire a munda. Ndinagwada, n'kupatula mphukirazo ndi manja kuti ndione bwino, ndipo nditasankha zitatu ndinawayang'ana kuti andivomereze. Anapukusa mutu pa imodzi, nandionetsa ina yaing'onopo imene inamera m'munsi mwenimweni mwa chitsa, nafotokoza kuti imeneyo mphepo singaithyole msanga chifukwa yagwira pafupi ndi mizu. Ndinadula zotsalazo mosamala monga anandiphunzitsira, ndipo iwo anamanga kansalu kofiira pa tsinde lalitali kuti aliyense wodutsa adziwe kuti mtengowo uli ndi mwini wake.