Nyimbo ili pafoni, ndalama yatsala pageti

Kale woimba wa kuno ankadziwa khomo lolowera ndalama yake. Akajambula chimbale, kaya ku Balaka mu situdiyo ya a Paul Banda kaya kwina, ankanyamuka ulendo wa ku Limbe kwa O.G. Issa, ndipo posakhalitsa kaseti inkapezeka m'misika kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Ankadandaula kuti ndalamayo njochepa, komabe inkaoneka. Kenaka kunabwera anyamata a makompyuta m'mashedi a pamsika, odzaza nyimbo mazanamazana pa memore kadi ndi ndalama yochepa chabe. Lero ngakhale anyamatawo akulira, chifukwa nyimbo ikatuluka m'mawa, pofika masana yazungulira kale m'magulu a WhatsApp. Spotify inafika kuno mu 2021, koma ndi angati angathe bandulo pomvera nyimbo yomwe mnzawo angawatumizire ulere?

Aphunzitsi athu a zokuzira mawu anayamba ndi mbiri imeneyi tisanagwire n'komwe waya. Mfundo yawo inali yakuti kwa oimba ambiri ndalama yatsala pageti. N'chifukwa chake Ma Blacks a ku Chileka sakhalitsa pakhomo, kumapeto kwa sabata amakhala ali panjira ndi zida zawo. Choncho ine ndikamaganiza za zipangizo zamakono zothandiza oimba, ndimayamba ndi funso ili: n'chiyani chingachititse kuti amene walipira pageti lero adzabwerenso mwezi wa mawa?

Choyamba ndi sawundi. Aliyense amene anapitako ku zoimbaimba amakudziwa kulira kuja kobaya m'makutu, kumene anthu amati zida zawonongeka. Nthawi zambiri zida zimakhala zili bwinobwino. Chimachitika n'chakuti maiki yamva mawu otuluka mu sipika n'kuwabwezeranso komweko, mawuwo n'kumazungulira akukulirakulira. Woimba akapanda kudzimva amakodola kuti "kwezani", wapamikisa (makina osakaniza ndi kukweza mawu a mamaiki ndi zida zonse) n'kukweza, ndiye moto wayaka. Mankhwala ake ndi kuika masipika akuluakulu kutsogolo kwa mamaiki, kupeza kamawu kamene kakulirako n'kukatsitsa kokha, komanso kupempha woimba kuti asendeze maiki kukamwa. Achinyamata ambiri amakonda kufumbatira mutu wonse wa maiki kuti azioneka bwino pachithunzi. Akatero amatseka timabowo ta kumbuyo timene timathandiza maiki kukana mawu ochokera m'mbali, ndiye imayamba kutola chilichonse. Mukamuuza woimba zimenezi muuzeni mwaulemu, ena amapsa mtima msanga.

China chimene chandigwira mtima ndi liwiro la mawu. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi imodzi. Pabwalo lalikulu mukaika masipika ena pa mtunda wa mamita 34 kuchokera pa siteji, anthu a kumbuyo amamva sipika yapafupiyo kaye, mawu a kutsogolo n'kuwapeza mochedwa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Kanthawi kameneka n'kochepa, koma n'kokwanira kuti ng'oma imveke kawiri ndipo mawu a nyimbo asokonekere. Ndiye masipika a kumbuyowo amawachedwetsa dala kuti adikire anzawo. Pamchenga wa kunyanja, ngati ku Chintheche komwe Lake of Stars inayambira mu 2004, vuto limakhala mphepo ndi mtunda. M'holo zathu za malata ndi simenti ndi zosiyana: mawu amagunda khoma n'kubwerera, moti ukakweza ndiye waonjezera chisokonezo.

Apa ndi pomwe mikisa ya dijito imandisangalatsa. Munthu amatha kuilumikiza ndi tabuleti n'kumayenda pakati pa anthu, kumva zomwe iwo akumva, n'kukonza ali pomwepo. Imasunganso makonzedwe a bandi iliyonse. Mukayesa zida masana n'kusunga, usiku bandi ikakwera mumangodina, osati zija zoti anthu aimirire nthawi yaitali akumvera "wani, thuu, wani, thuu". Mitundu yambiri imathanso kujambula chida chilichonse pachokha, ndiye bandi imachoka pamalopo ndi chimbale cha zomwe yaimba pamaso pa anthu. Vuto ndi mtengo. Zonsezi n'zoitanitsa kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zida zinakwera mosaneneka. Ine ndikuona kuti si nzeru bandi iliyonse kulimbana ndi kugula yakeyake. Mabandi a m'dera limodzi atasonkherana n'kukhala ndi mikisa imodzi yabwino, ndi munthu mmodzi woidziwadi, zingawapindulire kuposa milu ya masipika ong'ambika.

Za magetsi sinditaya nthawi, tonse tikudziwa. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo jenereta inasanduka membala wa bandi. Chimene ndaphunzira n'chakuti mikisa ya dijito ndi kompyuta, ikazima imatenga kanthawi kuti idzuke, choncho imafuna kabatire kake koigwirizira magetsi akaphethira. Ndipo mafiriji a ku bala asamakhale pa waya umodzi ndi zokuzira mawu.

Tibwere pageti penipeni. Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo lero agogo kumudzi amalandirira ndalama pafoni. Koma ku zoimbaimba zambiri mupezabe munthu atakhala ndi chikwama pakhomo ndi kabuku ka matikiti. Holo imadzaza, koma powerengera ndalama siikwana: ena alowa ndi matikiti achinyengo, ena ndi "achibale a bandi", ina yalowa m'thumba mumdima. Anthu akalipiriratu pafoni, chilichonse chimasiya umboni, ndipo wokonza zoimbaimbazo amadziwiratu ngati abwereke zida zazikulu kapena zazing'ono. N'zoona kuti netiweki imavuta anthu akaunjikana, ndiye kulandira ndalama pamanja sikungatheretu. Komabe pali phindu lina limene sitilitchula kawirikawiri. Woimba ng'oma ndi wa besi, amene dzina lawo silikhala pa posita, angalandire gawo lawo pafoni usiku womwewo m'malo momva "tionana Lolemba". Komanso amene alipira, ngati avomera, angalowe m'gulu la WhatsApp la bandiyo. Otsatira zikwizikwi pa Facebook ndi osangalatsa kuwawerenga, koma anthu mazana awiri a ku Zomba amene analipirapo kale ndiwo angadzaze holo ya ku Zomba.

Foni yomweyo ingathandizenso pa nkhani ya COSOMA, bungwe loteteza umwini wa luso lomwe linakhazikitsidwa mu 1992. Bandi zambiri za m'mahotela ndi m'maukwati zimaimba nyimbo za anthu ena. Mndandanda wa zomwe zaimbidwa utamalembedwa n'kutumizidwa usiku uliwonse, kugawa ndalama kwa eni nyimbo kukanakhala ndi poyambira pooneka.

Sindikunena kuti intaneti ilibe ntchito. A Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, anajambula ndi Patience Namadingo mu 2020, ndipo patapita nthawi kachidutswa ka zomwe anaimbazo kanaonedwa kambirimbiri pa TikTok ndi anthu a m'mayiko amene sadziwa n'komwe Chichewa. Madalitso Band inkaimba m'misewu ya Lilongwe, inakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, kenaka n'kuyamba maulendo a ku Ulaya. Chimene chinakopa anthu konseko ndi kuona munthu akuimbadi ndi chida m'manja. N'chifukwa chake kanema wojambulidwa pa zoimbaimba ayenera kutenga mawu kuchokera pa mikisa, osati pa kamaiki ka foni kamene kamangotola phokoso la besi ndi kukuwa kwa oledzera. Wokonza chikondwerero ali kutali alibe china choweruzira bandi koma kanemayo.

Pali pamene makinawa sandithandiza. Mikisa imabwera ndi makonzedwe okonzeratu a gitala, piyano ndi ng'oma zachizungu, koma mulibe a zida zakwathu kuno monga babatoni, kaligo, visekese kapena mangolongondo. Babatoni ili ndi chingwe chimodzi ndi bokosi lokutidwa ndi chikopa, ndiye ukaika maiki pafupi ndi chikopa umapeza kugunda kokha, ukaisendeza ku chingwe besi imachepa. Ndikuyesa mamaiki awiri, ina pachikopa ina pachingwe, ndipo ntchito yomwe ndili nayo panopa ndi kupeza mtunda woti mawu a ziwirizi asamadyane.