Madzi okoma a pansi pa msawu

Nkhunda zanga ndinabwera nazo kuchokera ku Ulongwe wa ku Angonia, kwathu kozizira kuja. Kuno ku Matundo, mumzinda wa Tete, tsidya lino la Zambezi, zinaona zakuda. Mu Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo mbalame situluka thukuta. Imangoti kukamwa yasa, mapiko lende, n'kumapuma wefuwefu. Madzi ndinkaziikira m'beseni lachitsulo, koma ikamakwana 11 koloko anali oti ungothiramo masamba a tiyi.

Amayi ena oyandikana nafe ndiwo anandiunikira. "Achimwene, gulani nkhali yadothi yotakata kukamwa, muyiike pamthunzi. Dothi limachucha pang'onopang'ono, mphepo ikamaumitsa kunjaku, m'katimo madzi amazizira." Anatinso ndizidzaza mpaka pakamwa, poti nkhunda imamiza mlomo n'kumakoka madzi, siweramutsa mutu ngati nkhuku. Nkhali ndinagula, n'kuikhazika pansi pa msawu. Nkhunda zinasangalala mopitirira: kumwa momwemo, kusamba momwemo, mpaka pamwamba pa madzi pamayandama kaufa koyera kochoka m'nthenga.

Loweruka lina masana apongozi anga aakazi anatulukira, angotsika minibasi ija timati chapa, fumbi mpaka m'nsidze. Akazi anga anali kumsika wa Kwachena. Ine mkamwini wolemekeza mwambo, ndinawalonjera chapatali nditanjuta, n'kuthamangira m'nyumba kukatenga mphasa. Potuluka ndinapeza atenga kale chikho pathandala, akutunga m'nkhali muja.

Tsono apongozi ungawakuwire? Ndinakhosomola. Sanacheuke. Ndinakhosomolanso mwamphamvu, iwo n'kuti, "Pepani bambo, chifuwachi n'cha fumbi la malasha a ku Moatize," chikho chachiwiri chikutsika. Kenaka anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "Koma madzi a kuno! Ozizira, ndiponso ali ndi kafungo kake. Kwathu otere kulibe."

Asanatsirize, tambala wa nkhunda uja, wamkulu wa khola, anatera pakamwa pa nkhali, n'kuti phava m'madzimo. Anzake anatsatira. Madontho anafika mpaka pamphasa.

Apongozi anayang'ana nkhunda, anayang'ana chikho. Ine ndinali kuwerenga nyerere pansi. Sanayankhule kanthu kufikira mwana wawo atalowa pachipata ndi kamtolo ka chisoso ndi usipa.

"Usipawo usunge, mwananga," anatero akuloza nkhali ndi mlomo. "Ndiwo za lero zasamba kale."