Funso la ku Gibeoni linandipeza m'kanyumba ka alonda

Mu June, nthawi imene chisanu cha ku Joni chimalowa mpaka m'mafupa, aphunzitsi athu anatitumizira funso pa WhatsApp. Ndikuchita maphunziro a zaumulungu, aja ophunzira uli kwanu, ndipo kalasi yanga ndi kanyumba ka alonda pageti la fakitale ina ku City Deep. Mbaula yamagetsi kumapazi, tochi pambali, buku pamiyendo. Funsolo linali lakuti: Mulungu atakuonekera monga anachitira ndi Solomoni ku Gibeoni, nakuuza kuti usankhe chimodzi pakati pa chidziwitso, nzeru ndi kukhala pafupi ndi Iye, ungatenge chiti? Tilembe masamba 5.

Ndinaseka ndekha. Ndinati ili ndi funso la ana a Sande sukulu, yankho lake lili poyera. Ndani angauze mphunzitsi wa Baibulo kuti akufuna mabuku kuposa Mulungu? Usiku womwewo ndinalemba tsamba loyamba, mawu oyenda bwino, ndime zonse zili m'malo mwake. Pofika m'bandakucha ndinaliwerenganso ndipo ndinaona kuti ndikunama. Ndalama zanga zimathera ku fizi ndi data. Maola anga amathera pa zolemba. Pemphero langa la usiku linali litafupika mpaka kufanana ndi moni wopereka kwa munthu amene mwakumana naye pa Bree muli pamzere wa takisi. Pakamwa ndinkasankha chachitatu, koma miyendo inali itasankha kale choyamba.

Ndinabwerera ku 1 Mafumu 3 kuti ndione chimene Solomoni anapempha kwenikweni. Tonse tinakula tikumva kuti anapempha nzeru, ndipo si bodza. Koma pa ndime 9, mawu a Chiheberi ndi lev shomea, kutanthauza mtima womva, mtima wotchera khutu. Iye anadzitcha kamwana kosadziwa potulukira ndi polowera. Munthu wopempha mtima womva ndiye kuti akuyembekeza kuti pali wina amene azilankhula naye. Nzeru imene ankafuna inali yoti izibwera tsiku ndi tsiku kuchokera kwa Mwini wake, ngati madzi a pampopi, osati ya mumtsuko yoti utunge kamodzi n'kuchokapo.

Ndipo anapatsidwadi. Mlandu wa amayi awiri olimbirana khanda uli m'mutu womwewo. Mutu 4 ukuti ananena miyambi 3,000 ndi nyimbo 1,005, ankafotokoza za mitengo kuyambira mkungudza wa ku Lebanoni mpaka kachitsamba komera pakhoma, za nyama, mbalame ndi nsomba. Kunena mwa masiku ano, mkuluyu akanakhoza mayeso aliwonse. Koma ukafika pa mutu 11 umagwira pakamwa. Akazi 700, akazi aang'ono 300, ndipo atakalamba mtima wake unapatuka. Anamangira milungu yachilendo, Kemosi ndi Moleki, malo opembedzera paphiri loyang'anana ndi Yerusalemu. Baibulo likunenetsa kuti Mulungu anali atamuonekera kawiri. Chimene chinandiopsa n'chakuti palibe pamene palembedwa kuti miyambi ija anaiiwala. Mutu unali wodzaza ndithu. Khutu lija analipempha ku Gibeoni ndi limene linatsekeka.

Zonsezi zikanangokhala zolemba za mayeso pakanapanda maliro amene anatigwera sabata yomweyo.

Mnyamata wina wa mumpingo mwathu, amene ankagwira ntchito ya zomangamanga, anamwalira atadwala masiku ochepa. Aliyense wokhala kuno akudziwa mmene maliro a pachilendo amavutira. Kope limayenda, anthu amasonkha, wina R100, wina R50, kuti thupi lipeze njira yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukalowa kwathu. Tinasonkhana m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ku Rosettenville, nsapato zili mulu pakhomo, mkazi wa malemu atakhala pamatiresi pakona, atafunda chitenje kumutu. Abusa anali kuntchito, ndiye akulu a mpingo anandiyang'ana ine. "Inu ophunziranu, tipatseniko mawu."

Ndinaimirira ndi mtima wonyada pang'ono, ndisabise. Ndinatsegula 1 Akorinto 15. Ndinafotokoza za kuuka kwa akufa, mawu a Chigiriki, mmene anthu a ku Korinto ankaganizira za thupi. Zonse ndinanena zinali zoona. Ndinalankhula mwina mphindi 25. Mwana wa malemu anayamba kulira, wina anatsokomola, ndipo namfedwa uja sanadzutse mutu ngakhale kamodzi.

Nditakhala pansi, amayi ena achikulire a Chigwirizano, ochokera ku Dedza, amene akhala akuchapa ndi kusita m'nyumba za anthu kuno kwa zaka zambiri, anadzikhwekhwereza mpaka pamatiresi paja. Sanatsegule buku. Anagwira dzanja la namfedwa naliika pamiyendo pawo, n'kuyamba nyimbo motsitsa, mawu osasa. Kenaka anapemphera. Anati, "Atate, mwatipweteka. Ife sitikumvetsa. Koma tipite kwa yani?" Basi, pemphero lonse linali ngati lomwelo. Namfedwa anagwetsa mutu paphewa pawo nalira kulira kwenikweni, kumene kunali kutamangika pakhosi tsiku lonse.

Panja, tikudikira tiyi, amayiwo anandikokera pambali. "Mwanawe, mawu aja ndi abwino, musawataye. Koma lero anthu anabwera kudzalira." Anandipatsa kapu n'kubwerera m'nyumba.

Ndinawawidwa mtima, ndipo m'takisi yobwerera ndinadziteteza m'maganizo njira yonse. Koma paja mawu a akulu akoma akagonera. Kuntchito ndinakumbukira anzake a Yobu. Masiku 7 oyambirira anakhala naye pansi osanena kanthu, ndipo ndi nthawi yokhayo imene anamuthandiza. Atatsegula pakamwa ndi zaumulungu zawo zolongosoka, Mulungu anawakwiyira kumapeto kwa bukulo. Yobu, amene anadandaula mpaka kufika poti ena angati wachita mwano, ndiye anadzati kale ankangomva mbiri ya Mulungu, tsopano wamuona ndi maso. Pemphero la amayi aja linali la mtundu wa Yobu. Munthu sunganene kuti "mwatipweteka" kwa mlendo. Umanena kwa amene mwadya naye mchere.

Apa Chichewa chathu chinandithandiza kuposa mabuku a Chingerezi. Timati kudziwa za munthu, kumudziwa munthu, ndi kudziwana naye. Ine ndikudziwa zambiri za bwana wa fakitale imene ndimalondera: galimoto yake, nthawi imene amafika, mmene amaimbira hutala. Koma sitidziwana. Iye dzina langa saliitana n'komwe. Chiheberi nacho chili ndi mawu akuti yada, amene pa Genesis 4:1 akunena za Adamu kudziwa Hava mkazi wake, ndipo kudziwa kumeneko si kwa m'kalasi. Paulo pa Agalatiya 4:9 akuyamba kunena kuti mwadziwa Mulungu, kenaka akudzikonza yekha kuti makamaka mwadziwika ndi Mulungu. Ndipo pa Mateyu 7, anthu amene ananenera ndi kutulutsa ziwanda m'dzina la Yesu sakuuzidwa kuti analephera mayeso. Akuuzidwa kuti Iye sanawadziwe.

Komabe sindikugwirizana ndi abale ena amene akamva nkhani ngati iyi amathamangira kunena kuti sukulu imazimitsa Mzimu. Ndawamva m'mipingo ya m'magalaja kuno, ndipo ndaona anthu akudyeredwa ndalama chifukwa chosadziwa chimene Baibulo likunena. Amayi a ku Dedza aja ali ndi Buku Lopatulika lakuda, lomatidwa ndi selotepi, limene amawerenga m'mawa uliwonse asanakwere takisi. Bukulo linatuluka mu 1922 chifukwa William Murray, mmishonale wochokera kuno ku South Africa, pamodzi ndi anzake ndi aphunzitsi a Chimalawi, anakhala zaka zambiri akulimbana ndi mawu, liwu ndi liwu. Popanda thukuta la ophunzirawo, mawu aja akuti "tipite kwa yani", amene ndi a Petro pa Yohane 6, sakanafika pakamwa pa amayiwo. Thomas Aquinas, amene analemba mabuku ochuluka a zaumulungu, analeka kulemba mu December 1273 atakumana ndi china chake pa Misa, nati zonse analemba zikuoneka ngati udzu. Anthu amakonda kuitchula nkhaniyi ponyoza maphunziro, koma amaiwala kuti ananena zimenezo atatha moyo wonse akuphunzira. Ine wa chaka chachiwiri ndilibe udzu wokwanira woti ndiutche udzu.

Ndinang'amba tsamba loyamba lija. M'malo mwake ndinalemba nkhani ya maliro, ndi ya Marita ndi Mariya pa Luka 10, ndikuvomereza kuti ine ndi Marita wa mabuku, wotanganidwa kukhitchini kukonzera Mlendo chakudya pamene Mlendoyo wakhala yekha pabalaza. Ndinalemba kuti ndikufuna kusankha chachitatu, koma sindinafikepo. Aphunzitsi anandichotsera malikisi chifukwa masamba anakwana 4 okha, ndipo pansi analemba funso limodzi: "Ndiye usiku uno uyamba ndi chiyani?"

Tsopano ndikalowa shifiti, ndikamaliza kuzungulira mpanda ndi kusaina m'buku, ndimasiya zolemba m'chikwama kwa mphindi 20. Ndimawerenga Salimo limodzi mokweza pang'ono, kenaka ndimakhala chete. Masiku ambiri sindimva kanthu, ndimangomva mathiraki akudutsa ndi agalu a fakitale yoyandikana nayo. Dzulo ndinali pa Salimo 73, pamene Asafu akuti kuyandikira kwa Mulungu ndiko kumukomera, ndipo ndinagwidwa ndi tulo ndisanafike kumapeto. Anandidzutsa ndi dalaivala wa thiraki ya 4 koloko, akuimba hutala pageti.