Tsiku limene ndinakhululukira ngongole za bungwe lonse

Laputopu yanga ndinaigula kwa munthu mu 2014, chaka chimene ndinafika ku Joni, ndipo pofika chaka chatha inali itakalamba moti ndikaiyatsa, mayi a kunyumba ankatha kutereka madzi, kuphika nsima ndi kuomola Windows isanatseguke. Chodetsa nkhawa chinali chakuti ine ndine mlembi wa bungwe la maliro la Amalawi a ku Rosettenville, kumene timasonkha R100 pamwezi kuti wina akatisiya tithe kutumiza thupi kumudzi, ndipo maina onse, a olipira ndi a ozemba omwe, anali m'makina amenewa.

Mwana wa mlongo wanga, yemwe amakonza mafoni m'tauni, anandiuza kuti matenda ali mu hard drive, yosungiramo zonse za m'kompyuta, imene m'kati mwake muli mbale yozungulira maulendo 5400 pamphindi, ndiponso kuti ndikaikamo SSD, yomwe imagwira ntchito yomweyo koma ilibe kanthu kalikonse koyenda, nkhalambayo idzathamanga ngati mnyamata. "Malume, mubwere nayo Loweruka ndidzakuikireni," anatero. Ndinakana, chifukwa mwana amene ndinamuona akukwawa sangandiphunzitse kumasula tizitsulo tinayi.

Ulendo woyamba wokagula SSD ku Fordsburg, dera lina la mu Joni, ndinabwerako ndi kanthu kopyapyala ngati chingamu, ka mtundu wa M.2, poganiza kuti chaching'ono ndiye chamakono. Nditatsegula kunsi kwa laputopu ndinapeza malo a SATA, a mainchesi 2.5, ndipo kachingamu kanga kanalibe polowa. Ndinakweranso matakisi awiri kukasinthitsa.

Usiku umenewo ndinalumikiza SSD yatsopano ndi chingwe cha USB, ndinaikonza monga ndinaonera pa YouTube, kenaka ndinayatsa pulogalamu ya Clonezilla kuchokera pa fulashi kuti ndikopere zonse za mu hard drive yakale n'kuziika mu SSD. Pulogalamuyi sitchula "yakale" kapena "yatsopano". Imazitchula kuti sda ndi sdb, ndipo mwatsoka zonse ziwiri zinali za 500GB. Magalasi anga anali kuchipinda, ndipo ndinaona kuti kukawatenga kunali kutaya nthawi. Ndinasankha molimba mtima. Makinawo anandifunsa ngati ndikutsimikiza, ndinavomera. Anandifunsanso kachiwiri, ndipo ndinavomera mokwiya, monga mmene munthu amayankhira kondakitala wofunsa ndalama imene walipira kale.

Ntchito imene ankati itenga maola inatha pasanathe mphindi ziwiri. Ndinaitana mayi a kunyumba kuti adzaone liwiro la SSD ndi nzeru za amuna awo. Iwo anayang'ana, nafunsa kuti, "Bambo a Chisomo, katundu wa zaka khumi angasamuke msanga chotero?" Ndinawayankha kuti za makompyuta azisiyira ife.

Nditaika SSD m'malo mwake, sikirini inakhala bii, ndi mzere umodzi wonena kuti palibe poyambira. Sindinade nkhawa, popeza yakale inali pomwepo patebulo. Ndinaibwezera, ndipo inandiuza mawu omwewo, chilembo ndi chilembo. Apa m'pamene thukuta linayamba kutsika ngakhale kuti unali mwezi wa June, pamene ku Johannesburg timagona ndi majuzi.

Mwana uja ndinamuimbira 11 koloko usiku. Anakhala chete kwa kanthawi, ndipo ndikukhulupirira kuti anali atatseka foni ndi dzanja. "Malume," anatero pomaliza, "mwakopera yopanda kanthu n'kuithira pa yodzaza." Loweruka lomwe ndinakana lija ndinapita ndekha. Anapulumutsa zithunzi zingapo ndi nyimbo za kwaya, koma fayilo ya Excel, mmene munali maina a bungwe aja, inatuluka yosatseguka.

Pamsonkhano wa Lamlungu ndinaulula, ndipo sindinaonepo bungwe lathu litakondwa chotero. Bambo wina amene sanalipire chiyambire Isitala anakumbukira mwadzidzidzi kuti analipiriratu mpaka December, ndipo anthu atatu anaimirira kuchitira umboni. Msungichuma atagwira kumutu, mayi a kunyumba anatsegula chikwama natulutsa kope la ana asukulu, lomwe ndinkaliseka kuti n'lachimidzi, mmene ankalemba aliyense wobweretsa ndalama pakhomo pathu. Chimwemwe chinazilala pomwepo, ndipo mboni zitatu zija zinakhala pansi mwakachetechete.

Laputopu tsopano imayaka m'masekondi makumi awiri, ndipo ntchito yanga madzulo alionse ndi kulembamo zimene mayi akundiwerengera kuchokera m'kope, nditavala magalasi.