13 February: tsiku la mlandu wa Croswell ku Albany

13 February ndi tsiku lomwe, m'chaka cha 1804, khoti lalikulu la New York linakhala ku Albany kumva mlandu wa Harry Croswell. Ambiri amakumbukira Alexander Hamilton, loya amene anamuyimira, koma munthu wofunika kumuyang'anitsitsa anali pa mpando wa oweruza: James Kent.

Croswell ankalemba kanyuzipepala kotchedwa The Wasp mu tawuni ya Hudson. Anasindikiza nkhani yoti pulezidenti Thomas Jefferson analipira mtolankhani James Callender kuti anyoze apulezidenti akale Washington ndi Adams, ndipo anaimbidwa mlandu woipitsa mbiri ya Jefferson. Mlandu utazengedwa koyamba mu 1803, mkulu wa oweruza Morgan Lewis anakana kuti udikire Callender adzachitire umboni, ndipo anauza anthu a jury, anthu wamba osankhidwa kugamula ngati munthu ndi wolakwa, kuti ntchito yawo ndi kungoona ngati Croswell anasindikizadi mawuwo. Kaya nkhaniyo inali yoona kaya yabodza, zimenezo sizinali zawo, malinga ndi lamulo lakale la ku England. Callender uja anamira mu mtsinje wa James chaka chomwecho, umboni wake n'kupita naye.

Ku Albany kuja oweruza anali anayi okha. Wachisanu, Ambrose Spencer, sanakhale nawo poti ndiye anali woimira boma pa mlanduwo asanakwezedwe. Apa ndi pomwe panagona vuto: Kent ndi Smith Thompson anafuna kuti mlandu uzengedwenso, Lewis ndi Brockholst Livingston anakana. Awiri kwa awiri, pempho silidutsa, choncho chigamulo choyamba, choti Croswell ndi wolakwa, chinakhalabe. Komabe Croswell sanapatsidwe chilango.

Kent sanangonena maganizo ake pakamwa. Anawalemba, monga mwa chizolowezi chake kuyambira pomwe anakhala woweruza mu 1798, nthawi imene anzake ankangolengeza zigamulo popanda kulemba zifukwa. Mfundo yake inali yakuti choonadi chimamuteteza wolemba ngati wachifalitsa ndi cholinga chabwino komanso pa chifukwa chomveka, ndipo a jury ali ndi mphamvu younika lamulo pamodzi ndi zochitikazo. Mu 1805 nyumba ya malamulo ya New York inakhazikitsa mfundoyi ngati lamulo, ndipo mu 1821 inalowa m'malamulo aakulu a chigawocho. Hamilton sanazione zimenezi, Aaron Burr anamuwombera mu July 1804.

Nyumba ya malamuloyo Kent ankaidziwa bwino. Anabadwa mu 1763, anamaliza maphunziro pa koleji ya Yale mu 1781, n'kuphunzira ntchito ya uloya pa ofesi ya Egbert Benson ku Poughkeepsie. Anakhalapo phungu m'zaka za m'ma 1790 ndipo anaphunzitsa malamulo pa koleji ya Columbia, komwe ophunzira anamuthawa mpaka anasiya. Lewis atasankhidwa kukhala bwanamkubwa mu 1804, Kent ndiye anatenga mpando wa mkulu wa oweruza, kenako mu 1814 anakhala Chancellor, woweruza milandu ya chuma cha amasiye, ngongole za malo ndi zina zotere.

Musamuone ngati bwenzi la anthu wamba ayi. Pa msonkhano wa 1821 wolemba malamulo aakulu aja analimbana kwambiri kuti amuna opanda malo asavotere aphungu a Senate, nthambi yapamwamba ya nyumba ya malamulo ya New York, ndipo anagonja. Anagwirizananso ndi zoti Robert Livingston (osati woweruza uja) ndi Robert Fulton okha ndiwo aziyendetsa sitima za nthunzi pa madzi a New York, zomwe khoti lalikulu la dziko la America, lotsogozedwa ndi John Marshall, linathetsa mu 1824 pa mlandu wa Gibbons ndi Ogden.

Lamulo linkati woweruza apume akafika zaka 60, choncho mu 1823 Kent anachoka ali ndi mphamvu zake zonse. Anabwerera ku Columbia, ndipo zimene ankaphunzitsa zinasanduka mabuku anayi a Commentaries on American Law, omwe anatuluka kuyambira 1826 mpaka 1830. Anamwalira ku New York mu December 1847.