Sabata ya ku Taal, tauni imene inathawa phiri

Lolemba bwana anandituma ku Taal, tauni ya m'dziko la Philippines, m'chigawo cha Batangas kummwera kwa Manila, kuti ndikalembe kapepala kolondolera alendo. Ndinkaiona ngati ntchito ya masiku awiri basi. Pofika madzulo ndinali nditalemba kale kuti tauniyi yakhala pamalo pomwepa kuyambira 1572, chaka chimene ansembe a chipani cha Augustine anaikhazikitsa.

Lachiwiri ndinawawerengera zimenezi mayi ena achikulire osoka maluwa pa malaya a chikhalidwe cha kumeneko otchedwa barong. Anaika singano pansi n'kundiyang'ana.

"Mwana wanga, chakacho mwalondola, koma malowo ayi. Pitani ku San Nicolas mukaone nokha."

Ndinapitadi Lachitatu, manyazi ali m'maso. San Nicolas ili m'mphepete mwa nyanja ya Taal, ndipo phiri lophulika, lotchedwanso Taal, limaoneka pakati pa madzi, lili phee ngati silinalakwepo kanthu. Pamenepo pali mabwinja a tchalitchi chakale, makoma okhaokha opanda denga. Taal inali apa. Mu 1754 phirilo linaphulika kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Disembala, phulusa n'kukwirira nyumba ndi minda. Opulumuka anasamukira pachitunda cha kufupi ndi Caysasay, choyang'ana kunyanja yamchere ku Balayan Bay, ndipo dzina la mudzi wawo anapita nalo. Ulemu wokhala likulu la chigawo ndiwo unawapulumuka, unapita ku tauni ya Batangas.

Ngakhale madzi anasintha. Mtsinje wa Pansipit, umene unkalumikiza nyanjayi ndi nyanja yamchere, unachepa chifukwa cha zimene phiri linalavula, ndiye pang'onopang'ono mchere unatha. Tinsomba totchedwa tawilis tinazolowera madzi atsopanowo, ndipo sitipezeka kwina kulikonse. Ndinadya tokazinga masana amenewo. Wozolowera usipa sangavutike nato.

Lachinayi linathera m'tauni ya lero: tchalitchi chachikulu cha San Martin de Tours, chimene anayamba kumanga mu 1856, kenako nyumba ya Marcela Agoncillo, mayi amene anasoka mbendera ya dzikoli ali ku Hong Kong mu 1898. Izi aliyense amazilemba, sindinachedwepo.

Mkangano unabuka Lachisanu. Bwana ankafuna mipeni yopinda ya balisong patsamba loyamba, ati ndiyo alendo amagula, mabwinja sadyetsa munthu. Ine ndinakakamira kuti mlendo woima pamasitepe a tchalitchicho ayenera kudziwa chifukwa chake chili pachitunda, makamaka poti phiri lomwelo linaphulikanso mu Januwale 2020. Tinalimbana pafoni mpaka batire inatsala pang'ono kutha.

Mipeni inapambana. Nkhani ya 1754 anaidula n'kutsala mizere itatu kuseri kwa kapepala, pansi pa mapu. Loweruka ndisanakwere basi ndinakawaonetsa mayi a barong aja mizereyo. Anawerenga, n'kugwedeza mutu, n'kutola singano yawo.